Kuperekezana Mpaka pa Linga la Agogo

Ine ndinabadwira m'tsinde mwa phiri, ku Dedza, kumene munthu ukatuluka m'nyumba m'mawa maso ako amayamba agunda thanthwe asanaone china chilichonse. N'chifukwa chake zaka zanga zoyamba ku Perth, ku Australia, ndinkaona ngati Mlengi anasiyira ntchito panjira. Dziko lake ndi lathyathyathya, mchenga wokhawokha, ndipo timapiri timene eni ake amanyadira chakum'mawa kwa mzinda, kwathu tingangoti ndi zulu za chiswe. Kutchalitchi tikamaimba zokweza maso ku mapiri, ine ndinkachita kutsinzina kuti ndiwaone.

Phiri lenileni ndinalipeza m'chipinda cha nkhalamba ina, litapachikidwa pakhoma.

Inali nthawi ya mliri ija, malire atatsekedwa, wopita kunja palibe, wobwera palibe. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina kufupi ndi Morley. M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima ku Cannington, kutsika mumzinda, kenako basi, masiki ili kukamwa. Amuna anga anali ku migodi kumpoto, milungu iwiri uko, umodzi kunyumba. Abale a okalamba athu masiku ena ankaloledwa kulowa mmodzimmodzi, masiku ena ankangoima kunja kwa zenera n'kumagwedeza manja. Motero ife antchito ndi amene tinasanduka ana awo, adzukulu awo ndi alendo awo.

Agogo a phiri la pakhoma aja anabwera atathyoka fupa la m'chiuno. Anali bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, mmisiri womanga nyumba, wobadwira ku Italiya, amene anafika ku Australia ndevu zisanakhwime. Anagwa pa makwerero akuphimba mkuyu wawo ndi ukonde kuti mbalame zisawathere nkhuyu. Atawachita opaleshoni kuchipatala anawatumiza kwa ife kuti aphunzirenso kuyenda. Sanabwere kudzakhalitsa ayi. Madokotala ndi mwana wawo wamkazi anagwirizana kuti pakatha milungu isanu ndi itatu, agogo aonetse kuti angathe kukwera masitepe asanu ndi awiri popanda wowagwira. Akakwera, abwerera kunyumba kwawo. Akalephera, kachipinda kamene ndinawapezamo kakhala kwawo mpaka tsiku lomaliza.

"Bwanji asanu ndi awiri, agogo?" ndinawafunsa tsiku loyamba ndikuyala bedi. Tinkalankhulana m'Chingerezi, chawo chopindikira uku, changa chopindikira uko, ndipo tinkamvana bwino kuposa mmene eni chilankhulocho ankatimvera.

"Ndi amene ali pakhomo panga," anatero. "Ndinamanga ndekha. Nditafika dziko lino ndinayang'ana uku, mchenga, uku, mchenga. Ndinati munthu angagone bwanji pansi ngati nkhanu? Ndiye ndinathira dothi, n'kukweza nyumba, n'kuika masitepe. Anthu a mumsewu wathu ankandiseka. Lero akundiseka ndi masitepewo."

Chithunzi cha pakhoma chija chinali chachikulu ngati thireyi ya tiyi, mitundu yake itayamba kufwifwa. Phiri lalitali, losongoka, lotuwa kumwamba. Pansonga pake penipeni panali mabwinja a linga lamakedzana: khoma lamiyala logumuka mbali imodzi, nsanja imodzi yopanda denga, ndi chipata chokhota ngati uta chimene sichinkatsekanso kanthu. M'munsi mwake, pa zitunda zitatu, panali timatauni titatu, nyumba zake zothithikana ngati zisa za namzeze.

"Iyi yam'munsiyi ndi yathu," anatero akuloza ndi chala chokhakhala ngati njerwa. "Yapakatiyi musaiyang'ane nthawi yaitali, angakulipiritseni. Anthu ake ndi oumira, belu la tchalitchi chawo amaliza kamodzi kokha kuti lingathe. Yapamwambayi ndi kwawo kwa mayi wa kunyumba kwanga, amene anatsogola."

Anandiuza kuti lingalo linamangidwa ndi mafumu akale, zaka mazanamazana zapitazo, pothawa adani ochokera kunyanja. Zivomezi zinagwetsako mbali, ndipo mbali ina anthu a m'matauniwo anatenga miyala kukamangira nyumba ndi makola a mbuzi. Agogowo anaphunzira kumanga poyang'ana makoma omwewo. Chaka chimene mliri unayamba anali atakonzeka kupita kukaliona komaliza, sutikesi itatsitsidwa kale pamwamba pa wodiropu, kenako ndege zinaima.

Ine ndikayang'ana chithunzicho mtima unkanditentha. Ndinkaona mudzi wa pamwamba pa phiri umene sungabisike, ndinkaona nsanja yolimba imene wolungama amathawirako. Ndinawauza zimenezi, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ine ndi Mulungu timapatsana moni pa Khirisimasi ndi pa maliro, Asisitere. Sitivutana."

Dzina la Asisitere ananditcha chifukwa ndinkang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi pogwira ntchito. Ndinawauza kuti ndili pabanja, ndili ndi ana awiri, komanso si ine wa mpingo wawo. Anati munthu woimbira Mulungu kwinaku akusambitsa mapazi a nkhalamba ndi sisitere basi, zinazo n'za boma.

Tsopano ndinene cholakwa changa, pakuti ndi chimene chandilembetsa zimenezi.

Kwathu tinaleredwa kuti mkulu saimirira kukatenga chinthu mwana ali pomwepo. Ukaona agogo akudzuka kufuna madzi iwe uli khale, amayi ako amakuyang'ana ndi diso lija losafuna mawu. Malemba nawonso amalemekeza imvi. Choncho agogo anga a ku Italiya ndinawasamala monga ndikanasamalira bambo anga ondibereka, amene ndinali ndisanawaone zaka zitatu. Akayang'ana nsapato, ndawaveka kale. Akatambasula dzanja kufuna nyuzipepala, ili kale pamiyendo pawo. Nthawi ya chakudya ikakwana, ndinkawakhazika pa chikuku n'kuwakankha mpaka patebulo, chitsulo chawo choyendera chili pakona ngati chopachikapo matawulo. Powapatsa kapu ndinkapinda maondo, iwo n'kumauza anzawo kuti apeza ulemu umene anausiya kwawo.

Chimene chinkandinyansa chinali jagi ya madzi. M'mawa uliwonse ndinkaipeza ili patebulo la kuzenera, kutali ndi mpando wawo, pamodzi ndi magalasi awo owerengera. Ndinkapukusa mutu n'kunena mumtima kuti ana a masiku ano alibe chifundo, kuika madzi kumene nkhalamba singafikire. Ndinkabweza zonse pafupi. Mawa lake n'kupeza zabwereranso kuzenera. Tinalimbana choncho, ine ndi munthu wosaoneka, milungu itatu.

Tsiku lina ndili mkati mosuntha jagiyo, chitseko chinatseguka. Analowa mayi wa fiziyo, amene ntchito yake inali kuphunzitsa okalamba athu kuyendanso. Anali mzungu wa konkuno, wamtali, wolankhula mothamanga ngati akuthawa mvula.

"Kani ndi inu!" anatero. "Milungu itatu ndikufunafuna mzukwa wosuntha jagi!"

"Inali kutali, mayi," ndinayankha. "Sakanaifikira."

"Ndinkaiika kutali dala. Kuti aziimirira."

"Musawakalipire Asisitere," agogo analowerera ali phee pampando. "Pa nyumba yonse ino ndi okhawa ali ndi mutu."

Mayi uja sanakalipe. Ananditengera m'kolido n'kundionetsa zimene ankalemba. Agogo ankayenda naye mphindi zochepa katatu pa mlungu, mokakamizidwa, koma maola ena onse ankayenera kumadzichitira tinthu ting'onoting'ono. Maola amenewo ndi amene ine ndinawadzaza ndi ulemu wanga. Miyendo yawo inali kuwonda m'malo molimba.

"Ndikudziwa kuti mumawakonda," anatero motsitsa mawu. "Koma chilichonse chimene mwawachitira, mwawalanda. Kwatsala milungu isanu. Zikapitirira chonchi, kwawo sabwerera."

Mu sitima tsiku limenelo masiki inandithandiza, chifukwa inabisa nkhope. Ndinakumbukira nkhani ya munthu wofa ziwalo amene anzake anayi anamunyamula pa mphasa mpaka kusasula denga. Moyo wanga wonse ndinkafuna kukhala mmodzi wa anayiwo. Ndinali nditaiwala mathero ake, kuti munthuyo sanabwerere kwawo atanyamulidwa. Anayenda yekha, mphasa ili paphewa. Ndinapempha chikhululukiro pakati pa masiteshoni awiri, ndipo ndinapemphanso nzeru, popeza timauzidwa kuti wosowa nzeru apemphe.

Mawa lake jagi ndinaisiya kuzenera. Agogo anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine.

"Madzi, Asisitere."

"Ali apo, agogo. Tiyeni tiyende pang'ono."

"Nanunso akugulani? Ndine galu ine, woti muzindiyendetsa m'kolido?"

Anakhala tsiku lonse atakwinya nkhope, madzi anachita kumwa a pa nkhomaliro. Ine pakamwa panga sipakanatuluka mawu olamula munthu wa imvi. Ndinayesa kuwanyengerera, ndinayesa kuwakumbutsa za mkuyu wawo. Anati mbalame zidye, nazonso n'za Mulungu wanga yemweyo. Ndinazindikira kuti pansi pa nthabwala zawo panali mantha. Munthu amene wagwa kamodzi sakhulupiriranso pansi. Mlungu wachinayi unatha choncho.

Lamulungu lake, mayi wina wa kumpingo kwathu, namwino, anabwera kudzacheza kunyumba. Nthawi imeneyo kuchezerana kunali kololedwa. Atatsanzika ndinavala nsapato n'kumuperekeza ku siteshoni ya Cannington. Nkhani inakoma, sitima ziwiri zinatidutsa tikuona. Kenako iye anati sangandisiye ndibwerere ndekha, n'kundibwezako mpaka pa kona ya mashopu, ine n'kumubwezanso. Nditafika kunyumba mwana wanga wamkazi, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno, anati, "Amayi, anthu inu kutsanzikana kokha mumayenda mtunda woposa wa anthu othamanga m'paki."

Ndinaima pakhomo nsapato imodzi ili m'manja. Yankho la pemphero langa linabwera kudzera pakamwa pa mwana wondiseka.

Lolemba m'mawa ndinauza mayi wa fiziyo zimene ndinkaganiza. Anakweza mapewa n'kuti ndiyese, ndipo anandionetsa mbali yoimirira ndi mmene ndingatetezere munthu osamunyamula. Nditaweruka masana ndinavula epuloni, n'kutenga chikwama changa, n'kukagogoda pachitseko cha agogo.

"Odi kuno!"

"Kodi simunaweruke inu?"

"Ndaweruka, agogo. Panopa si ine wantchito. Ndabwera ngati mlendo, kudzakuonani."

Nkhope yawo inasungunuka. Mlendo anali asanamuone masiku ambiri. Anandilozera mpando, n'kundiuza kuti nditsegule kabati ndidye mabisiketi olimba ngati miyala amene mwana wawo ankasiya pageti. Tinacheza za mbuzi, za kuzizira kwa kumapiri, za mbatata ya kachewere ya ku Dedza. Kenako ndinatsanzika, ndinanyamula chikwama, n'kukaima pakati pa chipinda, osasuntha.

"Mwaiwala chiyani?"

"Palibe, agogo. Ndikudikira."

"Kudikira chiyani?"

"Kwathu mlendo sachoka yekha ngati wakuba. Mwini nyumba amamuperekeza, ngakhale kungofika pakhomo. Koma musavutike, mwina kwanu kulibe mwambo umenewu."

Sindinaname, mwambowo ndi woona. Koma ndivomereze pamaso pa Mulungu kuti ndinautchera ngati msampha, ndipo mawu omalizawo anali nyambo.

Agogo anafiira mpaka m'makutu. "Kulibe? Mukutiyesa anthu a kutchire ife? Ine ndinaperekeza mkazi wanga zaka ziwiri zathunthu, kuchokera pa kasupe mpaka kwawo pamwamba apo, amayi ake akutitsatira kumbuyo ngati apolisi! Nsapato zinatha ziwiri! Sendezani chitsulo icho."

Ndinachisendeza. Anagwira, anapuma, anatukwana pang'ono m'chilankhulo chawo, n'kuimirira. Kuchokera pampando kufika pachitseko anaponda kasanu ndi kamodzi. Atafika anatukula chibwano.

"Apa ndi pa chipata cha tauni yathu. Muyende bwino, mayi."

"Zikomo, agogo. Koma kwathu mlendo waulemu amabwezako mwini nyumba."

"Ndiye mumalekana liti anthu inu?"

"Dzuwa likalowa."

Anaseka mpaka chitsulo chinagwedera, ndipo ndinawaperekeza kubwerera pampando.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mlendo wa masana aliwonse. Agogo anasandutsa kolido yathu njira ya kuphiri kwawo. Pa makina a madzi akumwa, pakati pa kolido, anati ndi pa kasupe pamene amayi ankachapira ndi kudya miseche. Tinafikapo tsiku lachinayi, ndipo anamwa madzi a mu kapu ya pepala n'kunena kuti akale anali okoma. Tebulo la anamwino linakhala tauni yapakati ija, ya anthu oumira, chifukwa anamwino ankawakaniza shuga wachiwiri mu khofi. Tikamadutsapo ankandinong'oneza mokweza kuti aliyense amve: "Gwirani chikwama, Asisitere, tafika kwa akuba." Namwino wamkulu anazolowera, n'kumawayankha kuti alipire msonkho wa pamsewu.

Njira yonse ankandifotokozera zimene tikudutsa. Apa pali mitengo ya azitona, apa njira imapapatiza moti bulu wonyamula katundu amakhula khoma, apa pali kachisi kakang'ono kamene amayi awo ankagwadapo. Ine ndinkaponda kapeti wotuwa wa m'kolido koma m'miyendo ndinkamva chitunda. Ndinayamba kuwauzanso za kwathu, za nkhungu imene imatsika phiri m'mawa n'kubisa nyumba ya mnansi. Anati phiri lopanda linga ndi phiri losamaliza. Ndinati linga langa ndi Yehova. Anati, "Limenelo womanga wake sindikumudziwa, koma ndamva kuti siligumuka."

Basi yanga ya masana inandisiya kambirimbiri. Ndinkafika ku Cannington mochedwa, ana atayamba kale kufufuza m'firiji.

Tsiku limene tinafika pa chitseko chagalasi chotulukira kumunda, agogo sanaseke. Anaima n'kuyang'ana panja nthawi yaitali. Apa ndiye panali tauni yapamwamba, kwawo kwa akazi awo.

"Ndinkamusiya apa," anatero. "Khomo lobiriwira. Akalowa, ine m'malo motsika ndinkakwera mpaka ku linga, n'kukafuula kumeneko ngati wamisala, kuti matauni onse atatu amve. Nditabwera kuno ndinamudikira zaka zinayi asanakwere chombo. Ananditsatira kudzagona pa mchenga, mkazi wa kuphiri. Masitepe aja ndinamangira iye."

Atatha, ndinawaperekeza pang'onopang'ono kubwerera pampando.

Mlungu wachisanu ndi chimodzi ndinadwala chifuwa. Masiku amenewo kutsokomola kamodzi kunali mlandu. Ndinakayezetsa n'kukhala kunyumba masiku angapo, mtima uli m'mwamba kuti agogo abwerera pampando. Matenda aja sanandipeze nawo. Nditabwerera kuntchito, mayi wa fiziyo anandichingamira akuseka.

"Mwatipangira chilombo," anatero. "Akuperekeza aliyense. Wokolopa, wobweretsa mankhwala, ngakhale dokotala. Dokotala anati ali pachangu, iwo anati munthu sachoka ngati wakuba. Anayenda naye pang'onopang'ono mpaka kwa anthu oumira."

Chitsulo chija anali atachisiya, tsopano ankayenda ndi ndodo. Jagi inali kuzenera, ndipo ankaitenga okha.

Kumapeto kwa munda wa nyumbayo kunali kamalo kokwera, kokhala ndi benchi ndi kakhoma ka miyala yoyera ya laimu, kamene mbali ina kanali katagumuka. Kukafikapo panali masitepe asanu ndi anayi okhala ndi chogwirira. Agogo atangokaona anati, "Linga lija ndi ilo. Womanga wake anali wa ku tauni yapakati, anaumira simenti." Milungu iwiri yomaliza anayeserera pamenepo ndi mayi wa fiziyo. Anakwera atatu, kenako anayi. Kupitirira anayi mwendo unkanjenjemera, iwo n'kutembenuka.

Tsiku loyesedwa linali lotentha kuyambira m'mawa, kutentha kouma kwa ku Perth kumene kumaumitsa zovala usanamalize kuyanika. Mlungu umenewo alendo sankaloledwa kulowa, choncho mwana wawo wamkazi anaima kunja kwa mpanda, poimika magalimoto, atagwira mawaya. Dokotala anaima pamthunzi ndi pepala lake. Mayi wa fiziyo anaima kumbuyo kwa agogo kuti awagwire ngati atagwa. Lamulo linali limodzi: wina akangowathandiza kukwera, ndiye kuti alephera.

"Asisitere atsogole," agogo anatero. "Ine sindikwera phiri popanda chifukwa. Ndikuperekeza mlendo."

Dokotala anandilola. Ndinakoleka chikwama paphewa ngati ndikupitadi kwathu, n'kumakwera sitepe imodzi patsogolo pawo, chammbali. Yoyamba. Yachiwiri. Dzanja limodzi pa chogwirira, lina pa ndodo, mwendo wabwino kutsogola monga anaphunzitsidwa. Yachitatu. Yachinayi.

Pa yachinayi anaima. Thukuta linatsika m'masaya mwawo. Bondo linayamba kunjenjemera, buluku lonse likugwedera. Anakweza maso n'kundiyang'ana, ndipo nthabwala zonse zinali zitathawa pankhope pawo. Anasiya ndodo itatsamira pa mwendo, n'kutambasulira dzanja kwa ine.

Abale anga, m'moyo mwanga ndakanapo zinthu zambiri, koma sindinakanepo dzanja la munthu wamkulu. Manja anga ananyamuka okha. Ndinamva mawu a amayi anga m'khutu, ndinaona bambo anga atakhala pakhonde ku Dedza. Thupi langa lonse linkati gwira. Ndinabweza manjawo, ndinawapinda kumbuyo, n'kugwira lamba wa chikwama mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi. Mumtima ndinafuula kwa Iye amene amalimbitsa maondo agwedegwede, kuti awagwire ndi Iyeyo popeza ine wandiletsa.

"Agogo," ndinatero, "basi yanga ili pamwamba apo. Mundisiya pano, pakati pa phiri, anthu a ku tauni yapakati akuona?"

Anandiyang'anitsitsa. Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi. Kenako linatsika pang'onopang'ono, n'kugwiranso ndodo.

"Sisitere wouma mtima ngati uyu sindinamuone," anatero. Ndipo anaponda yachisanu.

Yachisanu ndi chimodzi anakwera akutukwana, yachisanu ndi chiwiri akupuma ngati mvukuto. Mayi wa fiziyo anafuula kuti zakwana, apambana, angathe kuima. Kumpanda kuja mwana wawo anali kudumphadumpha ngati kamtsikana, chonsecho ndi mayi wa imvi zake.

"Kuima?" agogo anatero osatembenuka. "Ndani anaimapo masitepe awiri pansi pa linga?"

Ndinakumbukira nkhalamba ija ya m'Malemba imene pogawana dziko sinapemphe chigwa koma phiri. Anakwera awiri otsalawo, n'kudzigwetsa pa benchi, ine n'kukhala pambali pawo. Kutsogolo kwathu kunali magalimoto oimikidwa, msewu wa mabasi opita ku Morley, ndi madenga ofiira mpaka kumene maso analekezera.

"Mukuona?" anatero akuloza ndi ndodo. "Uko ndi kwathu. Apo ndi pa akuba. Apa pafupipa, khomo lobiriwira. Kukakhala kopanda mitambo, nyanja imaoneka uko."

"Ndikuona, agogo."

Anadzaza chifuwa n'kufuula mawu amodzi aatali m'chilankhulo chawo, mpaka mbalame zoyera zinabalalika mumtengo ndipo namwino wamkulu anatuluka akuthamanga. Sindinafunse tanthauzo lake. Atapuma anandigunda ndi chigongono.

"Uzani Bwana wanu uja kuti ndati zikomo. Musawonjezere zina, angayese ndayamba kupemphera."

Anapita kwawo mlungu wotsatira, chithunzi chija chili pamiyendo pawo m'galimoto. Ku Italiya sanapitenso. Malire atatsegulidwa madokotala anati ulendo wa ndege wautali chotero sangauthe, ndipo iwo sanalimbane nazo.

Patapita milungu ingapo mwana wawo anandiitana kuti ndikawaone Loweruka. Nyumba ndinaizindikira ndili patali, chifukwa mumsewu wonsewo inali yokhayo yokhala pachulu. Ndinawerenga masitepe pokwera, analidi asanu ndi awiri. Ndinawapeza kuseri, atakhala pansi pa mkuyu wawo, mpesa ukuyanga pamwamba pa khonde, popanda wowaopsa, monga momwe aneneri analonjezera. Nkhuyu zambiri mbalame zinali zitadya, koma zotsalazo anandithyolera okha za m'nthambi zam'munsi. Nditadzuka kuti ndikatenge mbale kukhitchini anandikalipira.

"Khalani pansi! Mukufuna kundilandanso miyendo?"

Ndinakhala, manja ndinawapinda pamiyendo, ndipo munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu anandibweretsera mbale ndi madzi. Amayi anga akanaona akanagwira pakamwa.

Nditatsanzika anatenga ndodo. Tinatsika masitepe onse, tinatuluka pageti, tinayenda mpaka pokwerera basi pa kona. Anandipatsa jumbo ya nkhuyu n'kundiuza kuti ndiyende bwino. Basi inatulukira kumapeto kwa msewu. Ndinayang'ana basiyo, ndinayang'ana agogo, ndi kamtunda kobwerera kunyumba kwawo.

"Musayambe," anatero.

"Mwambo ndi mwambo, agogo."

Dalaivala anachepetsa liwiro, ndinamugwedezera dzanja kuti apitirire, ndipo ife tinatembenuka kuyambanso kukwera.